Mayendedwe a a Tifika

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1958, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndine mng'ono wawo, ndipo banja landituma kuti ndikuuzeni mbiri yawo.

Anayamba sukulu mu 1965. Chaka chotsatira anayamba kutsimphina ndi kudandaula bondo lakumanzere. Popeza panalibe bala kapena chotupa, akuluakulu anati ndi ulesi wothawa sukulu, ndipo m'mawa ankawatulutsa m'nyumba ndi kamtengo. Atapita nawo kuchipatala mu 1968, madokotala anapeza kuti vuto silinali m'bondo koma m'chiuno. Mutu wa fupa la ntchafu sunkalandira magazi okwanira, ndipo unali utaphwanyika kale. Anati matendawa ndi osowa, komanso mwana wabwera mochedwa. Madzi akatayika sawoleka. Mwendo wakumanzere unatsala waufupi moyo wawo wonse.

Atamaliza sekondale mu 1977, anaphunzira kukonza mawailesi, kenako anatsegula kashopu kawo pafupi ndi siteji ya basi. Kuimirira kunkawapweteka, kukhala pansi chimodzimodzi, choncho anakhometsa mpando wautali wongotsamirapo. Nsapato yakumanzere ankaimatitsa mphira wokhuthala kunsi. Munthu akawafulumizitsa panjira, ankangoyankha kuti tifika, mpaka dzina loti a Tifika linaphimba la pachiphaso.

Pa 14 Ogasiti 1984 anamanga banja ndi alamu athu ali apawa, amene anadziwana nawo atabwera kudzakonzetsa wailesi. Wailesiyo inakhala m'shopu mwezi wathunthu, chonsecho vuto lake linali mabatire okha.

Atapitirira zaka makumi anayi, nyamakazi inalowa m'chiuno chija. Sankathanso kuwerama, moti zingwe za nsapato ankawamanga ndi alamu athuwa tsiku lililonse. Mu 2015 madokotala anati pafunika opaleshoni yoika chiuno chachitsulo, ndipo anawauza kuti adikire nthawi yawo.

Mu 2017 mdzukulu wawo wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anayamba kutsimphina. Pakhomo panali phwete, anthu ankati mwanayu akutsanzira agogo ake, pakuti sankasiyana nawo. Malemu sanaseke nawo. Anati mwana wotsanzira amaiwala kutsimphina masewera akakoma, koma uyu akutsimphina ngakhale pamene palibe womuona. Anakwera naye basi kupita kuchipatala. Kumeneko anangomupatsa mankhwala opha ululu, koma malemu anabwererako mpaka atamujambula chiuno. Anali matenda omwe aja, koma fupa linali lisanaphwanyike.

Tsiku la opaleshoni yawo linafika mwanayo ali pakati pa chithandizo. Makolo ake anali pantchito, woyenda naye kuchipatala anali agogo akewo. Malemu anapempha kuti tsikulo lisunthidwe, ngakhale tinawadandaulira. Tonse tikudziwa liuma lawo. Anavutika ndi ululu zaka zina ziwiri, ndipo zinkatiwawa kuwaona akukwera basi atakukuta mano. Opaleshoni inachitika mu 2019. Ululu unatha, koma kutsimphina sikunathe.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudwala mtima. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Juni, ndipo anatisiya pa 11 Juni masana, akazi awo ali pambali.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, adzukulu asanu ndi awiri, mlongo mmodzi ndi ine mng'ono wawo. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, anansi amene ankatiperekeza kuchipatala, anzawo a pasiteji, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzalira nafe.

Tikanyamuka pano, mtsikana amene ayende patsogolo pa bokosi atanyamula maluwa ndi mdzukulu uja. Muone mayendedwe ake.

Achimwene, ulendo munauyenda pang'onopang'ono, koma mwafika. Mzimu wanu uuse mumtendere.