Nkhani ya Pamasitepe

Pamzere wa ku positi ofesi mumzinda wa Sibiu, Mayi Otilia anagwira maenvulopu anayi opita kusukulu zogonera komweko. Linali tsiku lomaliza kutumiza makalata opemphera ana malo. Nkhalamba ina kumbuyo kwawo inasuzumira.

"Onsewa mwana mmodzi, mayi?"

"Mmodzi, agogo. Sukulu iliyonse ikufuna mwana alembe nkhani yakeyake. Zitatu ndamulembera ndine. Yachinayi mwanayo, Ilinca, wakakamira kulemba yekha, ndiye ndikufuna ndiichotse."

"Walakwitsa chiyani?"

"Walemba kuti ine ndimakolopa masitepe m'nyumba za eni, ndipo kuwerenga anaphunzirira pamasitepepo pondidikira. Akaona zimenezo amutenga?"

"Ine ndawerenga nkhani zotere zaka makumi awiri pasukulu ina. Mwana aliyense ati akufuna kutumikira dziko. Mawu a makolo okhaokha, ine kumangosinza! Paja Davide anavula zida za Sauli, sanathe kuyenda nazo."

"Ndiye ipite?"

"Ipite, mayi. Zanu zitatuzo ndiye muzipempherere."

Mayi Otilia anaseka uku akupukuta m'maso, namata envulopu yachinayi ija.

"Ambuye akudalitseni, agogo. Ine ndinangoona manyazi anga. Sindinaone kuti mwanayu sachita nane manyazi."