Anati ndinamudula mwana wanga

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene sanaleke kumva ngakhale pamene ine ndinatopa kuitana. Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mayi wa ku Chawama, ndimagulitsa salaula, zovala zovalidwa kale, ndipo kwa zaka zitatu ndinkatchedwa wachigololo m'nyumba mwanga momwe chifukwa cha matenda a mwana wanga Misozi.

Misozi anayamba kutupa ali ndi zaka zinayi. Zinayamba zikope, kenako miyendo, kenako mimba. Kuchipatala anati impso zake zikutaya zofunika za m'magazi, ndipo anatipatsa mapiritsi amene amathandiza ana ambiri. Kwa iye sanagwire. Apongozi anga, amayi a amuna anga, atabwera kuchokera kumudzi, anangomusinika mwendo ndi chala n'kunena kuti ndi mdulo. Kwathu amati mwana akatupa chonchi, kholo lina linayenda kunja kwa banja n'kudzathira mchere m'ndiwo zake. Amuna anga analumbira kuti iwo ndi oyera, choncho maso onse anagwera pa ine.

"Kambani chabe mwamuna amene munayenda naye, mwana apole," anatero apongozi. "Mufuna tikamushike kumanda chifukwa cha nsoni zanu?"

Anandiletsa kuthira mchere. Ndinkaphika ndiwo, n'kuitana apongozi kuti adzathire, ana a aneba akuonerera. Pali masiku ena amene ndinaganiza zongovomera tchimo limene sindinachite, kuti mwina andisiye. Pemphero langa linafupika mpaka linatsala mawu awiri okha, akuti Inu mukudziwa.

Tsiku lina kuchipatala, dokotala wina wamkazi wochita kafukufuku anapempha magazi a Misozi, anga ndi a bambo ake. Kumsika anandiopseza kuti otenga magazi ndi a Satana, koma mantha anali atandithera. Amuna anga anavomera msanga, ndipo ndinadabwa. Pambuyo pake ndinamva kuti anauza anzawo kuti magaziwo ndiwo adzandigwira, adzaonetsa kuti mwana si wawo.

Dokotalayo anatifotokozera moleza. Anati m'thupi muli malangizo otengera kwa makolo, otchedwa majini, ndipo jini iliyonse imauza thupi kupanga puloteni yake, kanthu kakang'ono kogwira ntchito mkati mwathu. Mwa Misozi anapeza jini ina yosiyana pang'ono, koma inali jini imene ngakhale ophunzira sanaidziwe bwino ntchito yake. Sakanatha kunena kuti ndiyo ikumudwalitsa. Anayenera kupanga mapuloteni a munthu m'chipinda chawo choyesera, ina yonga ya anthu onse, ina yonga ya Misozi, kuti aone ngati zikugwira ntchito mofanana.

Tinadikira chaka ndi miyezi. Magetsi ankazima tsiku lonse, ndipo mapuloteni oyamba anaonongeka chifukwa chosowa kuzizira. Kwacha itagwa, zoyesera zochokera kunja zinachedwa kufika. Nanenso bizinesi inaima, anthu ankangogwira zovala n'kuzibweza. Misozi analeka sukulu chifukwa nsapato sizinkalowa. Ndinkakumbukira munthu uja wa m'Baibulo wobadwa wosaona, amene anthu anafunsa kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake. Ndinkadziwa mmene Ambuye anayankhira, kuti palibe amene anachimwa, koma kudziwa sikunandichotsere kutopa.

Kenako anatiitana tonse, ndipo apongozi anatsatira kuti akamve ndi makutu awo. Dokotala anati puloteni yonga ya Misozi yalephera ntchito imene inzake ikugwira, ndipo n'chifukwa chake mapiritsi aja sankathandiza. Amuna anga anafunsa chimene anabwerera.

"Manje ba dokota, iyi jini yoipa anaitenga kuti?"

"Mbali imodzi kwa amake, mbali ina kwa imwe, atate ake," anayankha. "Mukanakhala kuti simuli atate ake, sembe sanadwale so. Palibe amene analakwa. Nonse munabadwa nayo osadziwa."

Sindinasangalale monga ndinkaganizira. M'minibasi pobwerera amuna anga anamunyamula Misozi pamiyendo, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Apongozi sanapepese ndi pakamwa, koma Lamlungu lotsatira anaimirira pakati pa amayi a mpingo n'kunena kuti iwo anandinamizira ine mpongozi wawo.

Madokotala anasintha mankhwala. Misozi sanachiriretu, ndipo mwezi uliwonse timakakhala pamzere kuchipatala, koma kutupa kwatsika ndipo wabwerera kusukulu. Kupweteka kwa mumtima mwanga kukuchira pang'onopang'ono kuposa miyendo yake, ndipo sindibisa.

Inu amene mukunyamula mlandu umene si wanu, musauvomere chifukwa cha kutopa. Pitirizani, ngakhale pemphero litatsala mawu ochepa. Ambuye akusungireni dzina lanu, akupatseni mphamvu zokwanira tsiku la lero, ndipo ana anu akule mukuwaona. Ameni.