Mgolo umene ankati mulibe kanthu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mukuwerenga mawu awa. Ndikufuna ndikuuzeni za zaka ziwiri zimene ndinakhala ndikuopa moto mpaka kulephera kuyatsa machesi, ine munthu amene ntchito yanga yonse inali ya moto.

Kwathu ndi ku Kanyenda, ku Nkhotakota. Mulungu anandipatsa mwayi wa sukulu mpaka ndinakhala mphunzitsi wa zauinjiniya pa yunivesite. Kafukufuku wanga anali wofuna kudziwa chifukwa chake moto wina umangoyaka pang'onopang'ono pamene wina umaphulika. Mu labu yathu munali paipi yaitali yachitsulo. Tinkalowetsamo gasi ndi mpweya n'kuyatsa mbali imodzi, ndipo makina ankationetsa mmene lawi likuthamangira mpaka kusanduka kuphulika kotha kung'amba chitsulo. Zimene tinkapeza tinkazilemba kuti eni mafakitale aziteteza antchito awo. Ndivomereze kuti ndinayamba kudziona ngati moto umandimvera.

Tsiku lina masana, bambo Mwale, amene ankasamala makina mu labumo, anandifunsa ngati angamasule chivindikiro cha paipi kuti akonze waya woyatsira. Lamulo limene ndinalemba ine ndemwe linkati paipi iyambe yapopedwa mpweya wabwino. Ndinali pachangu. Ndinangosuzumira geji yoonetsa gasi wa m'paipimo n'kunena kuti, "Masulani, mulibe kanthu." Munali gasi wotsalira. Bambo Mwale anaduka zala zitatu za kudzanja lamanja, ine khutu lakumanzere linafa.

Palibe anandichotsa ntchito. Ndinachoka ndekha, chifukwa ndikangofika pakhomo la labu ndinkalephera kulowa. Bambo Mwale sindinapite kukawaona ngakhale kamodzi, ndinalibe nkhope yowaonetsa. Ndinabwerera kumudzi kukakhala kwa mlongo wanga Esinati ndi amuna ake, alamu anga a Gondwe, amene amawotcherera zitsulo. Anthu ankanditcha adokotala a moto, koma akuseka, popeza ankaona kuti Esinati akamakoleza mbaula ine ndimazemba kupita kuseri kwa nyumba.

Kupemphera sindinasiye, koma mapemphero anga ankangokhala ngati akuthera kudenga. Ndikawerenga m'Baibulo za amuna atatu aja amene anaponyedwa m'ng'anjo osapsa, sindinkadziona mwa iwo. Ndinkadziona mwa aja anawaponya m'ng'anjoyo, amene lawi linawanyambita. Ndinkafunsa kuti, Ambuye, munandiphunzitsiranji zonsezi ngati mapeto ake ndi kupundula munthu wosalakwa?

Yankho linabwera Loweruka lina m'mwezi wotentha. Mpingo wathu unkayembekeza msonkhano waukulu, ndipo amayi ankafuna ziwiya zazikulu zophikira thobwa. Anagula migolo iwiri kwa Che Saidi, Msilamu amene ali ndi maboti a injini, kuti idulidwe pakati. M'migolomo ndi mmene ankasungamo petulo nthawi imene mafuta ankasowa. Inagona padzuwa kuseri kwa tchalitchi masiku atatu, yotseka.

Ine ndinapita kukangothandiza kunyamula mabenchi. Ndinapeza amayi akhala mozungulira pansi pa mtengo wa mango akupeta chimera, ndipo migolo ili pomwepo, mapazi ochepa kuchokera pamene anakhala. Umodzi unalira wokha kuti dii, chitsulo chikufufuma ndi kutentha. Alamu anga, amene anaitanidwa kudzadula migoloyo, anatsegula kachivindikiro kake n'kuupendeketsa, osatuluka ngakhale dontho. Koma fungo linandipeza pamene ndinaima, ndipo khutu langa lakufa lija linayamba kulira. Mgolo wodzaza petulo umayaka, koma wotha petulo, umene mwatsala nthunzi yake yosakanikirana ndi mpweya, umaphulika. Ndi zomwe ndinkachita dala m'paipi yathu ija.

Alamu analumikiza galainda yawo ku magetsi, makina aja odulira zitsulo amene amalavula mbaliwali za moto. Mayi wina anafunsa ngati mgolowo sufunika kutsuka kaye. Iwo anati, "Mayi, musadandaule, mulibe kanthu."

Anali mawu anga enieni aja. Sindikudziwa mmene ndinayendera, koma ndinangozindikira ndakhala pamwamba pa mgolowo.

"Alamu, tsikanipo, dzuwa likupita," anatero a Gondwe.

"Simudula. Mukadula, pano pakhala maliro."

"Ine ndakalambira pa zitsulo. Ndatsanula ndekha mukuona. Ndiye chipse n'chiyani, fungo?"

Amayi ena anaseka, wina n'kunong'ona kuti matenda awo aja ayambanso. Esinati anabwera kudzandigwira mkono, misozi ili m'maso chifukwa cha manyazi. Ndinayesa kufotokoza, koma mawu ankatuluka oduka-duka ngati a munthu wamalungo. Alamu anati ngati ndakonda mgolo umenewo ndikhalepo, iwo ayamba ndi winawo. Anayatsa galainda, ndipo inayamba kulira.

Nthawi yomweyo kunafika njinga yamoto. Anali Che Saidi, atabwera kudzatenga tizivindikiro ta migolo yawo. Anaona ine pamgolo, n'kukweza dzanja kuti alamu athimitse kaye. Anamvetsera zonena zanga mpaka kumapeto, osaseka.

"Aphunzitsi, ife a kunyanja za m'mabuku sitizimva," anatero. "Tionetseni ndi maso."

Ndinawauza zofunika, iwo n'kumachita. Anatola chitini cha mkaka chopanda kanthu, anachiboola pambali ndi msomali, anadonthezamo petulo pang'ono wa m'njinga yawo, n'kukhutula mpaka chitini chinaoneka chouma. Anachitseka n'kukachiika patali pamchenga, kutali ndi migolo ndi anthu. Kenako anamanga kansanza kunsonga ya bango lalitali, n'kundipatsa bokosi la machesi.

"Moto ndi wanu uwu, yatsani ndinu."

Abale, bokosi lija linkalira m'manja mwanga ngati chisekese. Ndinapemphera mumtima kuti, Ambuye Yesu, ngati simundigwira dzanja, anthu awa afa ine ndikuona. Mtengo woyamba wa machesi unathyoka. Wachiwiri unayaka, ndipo ndinaona dzanja langa litakhazikika ngati la munthu wina. Ndinayatsa kansanza kaja n'kufikitsa bango pabowo la chitini.

Chinaphulika ngati mfuti. Chivindikiro chinauluka kupitirira mtengo wa mango n'kukagwera pamalata a tchalitchi, ndipo tonse tinachimva chikugubuduka mpaka pansi. Panalibe woseka. Alamu anayang'ana kachitini kaja, anayang'ana mgolo, kenako anayang'ana amayi amene anakhala pafupi nawo, mkazi wawo ali pomwepo. Anazula waya wa galainda n'kukhala pansi padothi. Che Saidi anangoti, "Alhamdulillah," n'kuvula chisoti kupukuta thukuta.

Chonde wina asakayesere za chitinizi kunyumba. Migolo ija tinaitsuka ndi sopo kangapo, tinaidzaza madzi mpaka kukamwa, ndipo alamu anaidula ndi tchizulo madziwo ali momwemo.

Tsiku lomwelo ndinaimbira foni bambo Mwale, koyamba chichitikireni ngozi ija. Ndinawapepesa ndikulira. Iwo anati, "Zala zinapita, achimwene, ndipo ndinakukhululukirani kalekale. Chimene chinkandiwawa n'choti inu munathawa, ana asukulu n'kutsala opanda wowauza zimene zinatichitikira." Teremu yotsatira ndinabwerera ku labu. Phunziro loyamba la chaka chilichonse timaphunzitsa awiri, iwo amaonetsa dzanja lawo, ine ndimanena mawu amene ndinanena tsiku lija.

Khutu langa silinatseguke, ndipo sindinamizira kuti zonse zinabwerera mwakale. Koma ndikuthokoza Mulungu amene sanataye zimene anandiphunzitsa, ngakhale pamene ine ndinazitaya. Ananditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene sitipemphera naye nyumba imodzi, pa njinga yamoto, galainda ili kulira. Inu amene munalakwitsa chinthu chachikulu ndipo mukubisala kuseri kwa nyumba monga ndinkachitira ine, musaleke kupemphera, ngakhale mapempherowo azioneka ouma. Ambuye amadziwa tsiku limene adzakufuneni.

Ndikapita kumudzi ndimamwa thobwa lophikidwa m'migolo ija. Amayi onse amene anakhala pansi pa mango tsiku lija alipo, ndipo alamu anga akalandira mgolo kuntchito kwawo, amayamba atuma munthu kumjigo. Ulemerero ukhale kwa Mulungu. Ameni.