Bango la Steward

Mkazi wanga Evelina anandisiyila nyumba ya zipinda ziwili ku Kapichila ndi mlamba dzina lake Steward, amene anamutola kudambo ali ngati chala, koma lelo sakukwananso m'beseni losambila. Mwana wanga Tamara atalumbila kuti akabwela kuchoka ku Chipata n'kumupeza akadali m'besenimo adzamukazinga, ndinadula bango, ndinamuyeza Steward kuyambila ndevu mpaka mchila, n'kupalasa njinga kukafuna thanki yagalasi kwa Ezron, kalipentala wa kuseli kwa msika wa Lundazi, amene amadula magalasi a mawindo komanso amakhoma mabokosi a malilo.

Kwathu bango likafika kwa kalipentala ndiye kuti kumudzi kwagwa malilo. Ine ndinalibe choyezela china. Ndinaliika pa thebulo lake.

Ezron anavula chipewa.

"Phepani, ada Laban. Phepani chomene. Ndani?"

"Steward."

"Steward wa kwa a Mtonga?"

"Wa kwathu."

"Sindinamvepo kuti muli ndi mnyamata."

"Wa Evelina."

"Ooo." Anayang'ana pansi. "Anabwela naye pa ukwati."

"Anamutola kudambo."

"Mayo ine! Mayi uja anali ndi mtima." Anaimika bango pambali pa mwendo wake. Linamulekeza m'chiuno. "Mwana wamng'ono chonchi."

"Akukula."

"Anali kukula, ada."

"Akukula."

Anandigwila paphewa. "Zimatenga nthawi kuzolowela. Watisiya liti?"

"Sanatisiye."

"Ali kuchipatala?"

"Ali m'beseni."

"Ayamba kale kumusambitsa?"

"Amakhala momwemo."

Dzanja linachoka paphewa. "Ada Laban, Steward akupuma?"

"M'mawa wadya matumbo a nkhuku."

"Nanga bango ili ndi la chiyani?"

"Tamara akabwela amupha."

"Tamara wanu? Mphunzitsi uja, woimba kwaya?"

"Ndi anyezi."

"Amupha ndi anyezi?"

"Ndi tomato."

Ezron anakhala pa bokosi limene anali asanamalize kukhoma. Ine ndinaona kuti nthawi ikupita, ndinanena zimene ndinabwelela.

"Ndifuna galasi."

"Galasi timaika kakang'ono, pankhope, abale aoneleko."

"Mbali zonse."

"Mbali zonse! Abusa sangalole zimenezo."

"Madzi asatuluke."

"Asalowe, mukutanthauza. Zanga sizilowa madzi, funsani aliyense."

"Asatuluke. Chivundikilo chikhale cholemela."

"Timakhoma ndi misomali."

"Osakhoma. Ndizimupatsa chakudya. Koma cholemela. Amalumpha."

"Amalumpha," anatelo Ezron, mawu atachepa.

"Ndinamupezapo pansi pa bedi."

Anaimilila n'kuzungulila kuseli kwa thebulo, kuti thebulo likhale pakati pathu.

"Ndifunseko bwinobwino, ada. Steward ameneyu ali ndi miyendo?"

"Yayi."

"Manja?"

"Ndevu."

Anayang'ana bango, anayang'ana ine. "Mlamba?"

"Enya," ndinavomela.

Anavalanso chipewa n'kuchikanikiza mpaka m'makutu. "Mwandivulitsa chipewa chifukwa cha ndiwo!"

"Si ndiwo."

"Chabwino, si ndiwo. Kasitomala ndi kasitomala." Anatenga pensulo kukhutu. "Ntchito yake njosavuta. Utali wa bango, ndiwonjezele zala ziwili kumutu, zala ziwili kumapazi. Kumchila, ndikutanthauza. M'lifupi chikhatho chimodzi ndi theka."

"Atembenuke."

"Atani?"

"Akafika kumapeto atembenuke."

"Makasitomala anga satembenuka, ada. Chiyambile ntchito ino palibe amene anabwelako kudzadandaula za malo."

"Uyu atembenuke."

"Ndiye bango la kutembenuka lili kuti? Mwabweletsa la utali lokha. Ine sindidula galasi ndi mawu. Ndimadula chimene ndayeza."

Ndinamuonetsa ndi dzanja mmene Steward amakhotela.

"Dzanja si nsomba. Gonani pansi."

Ndinavula jekete, ndinalipinda, ndinagona chafufumimba mu utuchi. Ezron anagwada ndi choko.

"Koma inu ndinu wamtali kuposa bango."

"Adzandipeza."

"Adzakupezani?"

"Evelina ankati mlamba susiya kukula."

"Mpaka pati?"

"Sananene."

"Ndiye tiyeza inu. Manja m'mbali, alibe manja. Tiyeni, sambilani."

Ndinakwawa kufika pa mwendo wa thebulo.

"Tembenukani."

Ndinatembenuka. Ezron anajambula mzele kutsatila nsapato zanga.

"Iyayi, mwapinda mawondo. Steward ali ndi mawondo?"

"Yayi."

"Bwelezani osapinda."

Ndinabweleza osapinda. Mutu unagunda chitini cha vanishi, mapazi anagwetsa matabwa. Mzele unakula.

"Amatembenukila mbali imodzi yokha?"

"Zonse."

"Kumanzele tsopano."

Ndinatembenukila kumanzele. Mayi wina wogulitsa nshawa anasuzumila pakhomo, anandiona ine, mkulu wa mpingo, ndikusambila mu utuchi patsogolo pa mabokosi a malilo, anachoka osagulitsa kanthu.

"Akakwiya amatani?"

"Amamenya mchila."

"Menyani."

Ndinamenya. Nsapato imodzi inavuka n'kukagwela pafupi ndi khomo. Ezron anaitsatila ndi choko n'kuizunguliza mzele.

"Nsapato si mchila," ndinatelo.

"Yafika pamenepo. Ine ndimayeza pamene chinthu chafika." Anapukuta thukuta. "Akadzafuna mkazi?"

"Sanatchulepo."

"Inunso simutchula zinthu, ada, koma munakwatila. Ndiwonjezela malo a mkazi. Iyenso amatembenuka?"

"Evelina ankatembenuka."

"Ndiwonjezela kwambili."

Choko chinatha, anatenga khala. Atamaliza ndinadzuka n'kukung'untha utuchi. Mzele unayambila pa thebulo, unadutsa pansi pa mabokosi awili, unakhota pa nsapato yanga n'kubwelela m'mbali mwa khoma.

"Kuya kwake?" anafunsa.

"Akalumpha asatuluke."

"Lumphani."

"Yayi."

"Ndiye ndilemba m'chifuwa mwanu." Anandijambula ndi khala pa shati. Kenaka anabwelela m'mbuyo, manja m'chiuno, kuyang'ana ntchito yake. "Ada Laban, mwabwela pa chiyani?"

"Njinga."

"Ichi pa kaliyala sichikwela."

"Tidzamanga ndi malegeni."

"Ngakhale pa ngolo sichikwela. Ng'ombe zidzakhala pansi. Khomo la nyumba yanu ndi lalikulu bwanji?"

"Ndikanyamula thumba ndimalowa cham'mbali."

"Ndiye sichilowa. Chikhale panja."

"Panja pali ana. Ali ndi mbedza."

"Mukufuna chikhale pati?"

"Kuchipinda. Pansi pa windo. Pamene Evelina ankasokela."

"Kulitsani khomo."

"Analipenta ndi Evelina."

"Chepetsani nsomba."

"Yayi."

"Ndiye tichepetse kutembenuka. Azipita kutsogolo, akafika kumapeto azibwelela chambuyo ngati lole ya fodya."

"Atembenuke."

"A Chiuta ŵane!" Anaponya khala pansi. "Komanso ndikuuzeni. Galasi langa ndi la mawindo. Limatchinga mphepo ndi udzudzu. Mukathila migolo ya madzi yonseyi lidzaphulika, Steward adzakafika yekha kumsika, mkazi wake ali pambuyo."

"Lisaphulike."

"Ndilipemphe?"

"Lisaphulike."

Ine ndinavala nsapato. Ndinaganiza za Tamara ali mu basi, anyezi ali m'chikwama. Ezron ankayenda m'mbali mwa mzele, akugogoda pansi ndi bango.

"Chipinda chanucho ndi chachikulu bwanji?"

Ndinayang'ana mzele. Ndinaima pamene pakanakhala bedi, ndinatambasula dzanja kufika pamene pakanakhala windo.

"Chonchi."

"Chonchi bwanji?"

"Ngati mzelewu."

"Ndendende?"

"Kupatula nsapato."

Ezron anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye mukundivutitsilanji? Thanki muli nayo kale! Simenti pansi, simenti m'makoma kufika m'chifuwa. Windo lilipo, kuwala kuzilowa. Chitseko chisakhudzidwe, chingokhala chotsegula, pakhomopo ndiikepo galasi limodzi lochindikala, ndiitanitsa ku Chipata. Denga ndiye chivundikilo, palibe misomali yatsopano. Sichikwela njinga, sichilowa pakhomo, chili kale pansi pa windo. Tamara atenge beseni lake asambe."

Ndinaganiza. Sindinapeze pokanila.

"Bedi?"

"Steward amagona pa bedi?"

"Pansi pake."

"Ndiye bedi likhale momwemo. Kasitomala wasankha yekha."

"Ine?"

"Inu mwatani?"

"Ndizigona kuti?"

Anakanda m'mutu ndi pensulo. "Zimenezo simunabweletse bango lake. Pabalaza pali malo?"

"Matumba a chimanga. Njinga. Makina a Evelina."

"Palibe mpata?"

"Kampata. Pakati pa matumba ndi khomo la kuchipinda."

"Kotani?"

Ndinamuonetsa ndi manja. Anabweletsa bango n'kuyeza pakati pa zikhatho zanga, kenaka anayeza mapewa anga. Zinafanana.

"Makoswe?"

"Alipo. Amayenda pa matumba."

"Ndiye pafunika mbali ndi chivundikilo." Anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi, mmene amayang'anila thabwa. "Ada Laban, inu usiku mumatembenuka?"

Ndinapukusa mutu.

"Chipitile Evelina, yayi. Ndimagona mbali yanga. Ndimadzuka mmene ndagonela."

Ezron anavulanso chipewa, koma ulendo uno nkhope yake inawala. Anapita pakona, anasankha bango lalitali, analiimika kumsana kwanga.

"Mwandizunguza tsiku lonse ndi nsomba, chikhalilecho kasitomala wanga weniweni ndinu! Imani mowongoka. Zala ziwili kumutu, zala ziwili kumapazi, nsalu yoyela mkati, kagalasi kakang'ono pankhope."

"Mbali zonse," ndinatelo. "Steward azindiona."