Nambala 19 Imene Ndinakana Kuifufuta

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mayi Nabanda wa ku Rugare, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha nambala imodzi yokha.

Chinali chaka chija cha kolera, m'mashopu muli mbee, magetsi akumatha masiku awiri osayaka. Ndinkagwira ntchito pa labotale ina yaing'ono yoyeza magazi cha ku Workington. M'mawa ndi poweruka ndinkawerenga thamomita ya pa firiji yosungira mankhwala oyezera. Thamomitayo imasunga nambala ya pamene mkatimo munatenthera kwambiri, mpaka utadina kabatani kuti iyambirenso. Ndinkalemba nambalayo pa pepala lopachika pachitseko, kenako n'kudina. Siinkayenera kupitirira madigiri 8.

Lolemba lina ndinafika nditayenda wapansi, poti za kombi, maminibasi aja, tinali titaziiwala, ndipo ndinapeza thamomita ija ikuonetsa 19. Ndinalemba 19 yemweyo n'kumuzunguliza ndi bolopeni yofiira, monga anatiphunzitsira.

Otiyang'anira, bambo Gwenzi, ataona anandiitanira pambali. "Mayi, nali pepala latsopano, lembanipo 5 ngati masiku onse. Panopa yazizira kale, adziwa ndani?" Ndisakunamizeni, pepalalo ndinalilandira. Ndili ndi ana atatu, bambo awo anatisiya kalekale, ndipo chitupa changa chimati ndine mlendo poti makolo anga anachokera kunja, chonsecho ndinabadwira konkuno ndipo bambo anga anakalambira pa ntchito ya njanji. Ntchito ina ndikanaipeza kuti? Koma ndinaganizira munthu amene adzauzidwe kuti magazi ake ali bwino pamene akudwala, chifukwa choyezedwa ndi mankhwala owonongeka. Dzanja linakana. Ndinawabwezera pepala lawo.

Mankhwala onse anatayidwa, ndipo mwini labotale anafuna kudziwa wolakwa. Bambo Gwenzi ananena kuti ine ndinasiya chitseko cha firiji chosatseka bwino Lachisanu poweruka. Mwini labotaleyo anandiimitsa ntchito kuti ndidikire tsiku la mlandu.

Abale anga, masabata awiri odikirawo ndinazimva kuwawa. Ndinkakapikula matimati kumsika waukulu wa Mbare Musika n'kumagulitsa pamsewu, koma ambiri ankaolera pathebulo. Mchemwali wanga weniweni anandiuza kuti, "Iwe ndiye chitsiru, ana adya chilungamo chakocho?" Choipitsitsa, ndinayamba kudzikayikira ndekha: kodi chitseko chija ndinachikankhadi mpaka kutsekeka? Kupemphera kunandikanika. Ndikagwada, mawu ankatuluka ndi amodzi okha, akuti Ambuye, Lachisanu lija inu munalipo.

Tsiku la mlandu ndinapeza kwabwera bambo wina wachikulire wokonza mafiriji, munthu amene tinkangopatsana moni basi. Atamva nkhaniyo anagwada, n'kupisa dzanja kuseri kwa shelefu yapansi ya m'firiji muja. Anatulutsa kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene anakamata mmenemo miyezi ingapo m'mbuyomo poyesa firijiyo, aliyense n'kukaiwala. Iko kankasunga kazizidwe ka mkatimo ola lililonse.

Anakalumikiza ku kompyuta tonse tikuona. Kuyambira Lachisanu mpaka Loweruka masana, firiji inali pa 4, osasuntha. Inayamba kutentha Loweruka madzulo, nthawi imene magetsi anazima, ndipo Lamlungu inafika pa 19. Bamboyo anati chitseko chikanakhala chotsegula, kutenthako kukanayamba Lachisanu lomwelo. Jenereta yoyenera kulizidwa magetsi akazima ndi imene siinalizidwe, ndipo makiyi ake anali ndi bambo Gwenzi.

Mwini labotale anatenga pepala langa lija n'kuliika pafupi ndi kompyuta. Apa 19, apa 19. Ndinangokhala pansi n'kuyamba kulira ngati mwana. Ndinalira chifukwa cha mantha, pozindikira kuti ndikanalemba 5 uja, kachipangizo komweko kakanandigwira ineyo bodza. Mawa lake ndinabwerera pa ntchito.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiikira mboni m'firiji ine osadziwa. Inu amene akukukakamizani kulemba zimene maso anu sanaone, ndikudziwa mmene zimawawira, ndipo sindikunena kuti n'zophweka. Koma limbikani, musafufute. Pepala la 19 lija ndinalipempha, lili m'Baibulo mwanga mpaka lero, ndipo ana anga atatu aja onse analiona.