Amene Anabwereka Zimbale za a Chidothi Abweze

Mwaswera bwanji Amalawi ndi anzathu a ku Zambia muno mu Dublin, ku Tallaght, ku Blanchardstown mpaka ku Balbriggan. Lero ndi Lamlungu pa 21 February 2010, ndine Mwaiwawo, ndipo yakwana nthawi ya zilengezo zanu. Eni wailesi atidulanso nthawi, theka la ola lija latsala ten minitsi, ndiye a moni wa ma birthday mundikhululukire. Inenso ndangotsika basi kuchokera ku shifiti, miyendoyi si yanga. Tiyambe.

Mayi Ethel Chidothi a ku Phibsborough akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti amuna awo, bambo Kalisto Chidothi, a m'mudzi mwa Mkomeko, Mfumu Yaikulu Kaphuka, boma la Dedza, atulutsidwa m'chipatala ndipo ali ku nursing home ina ku Swords. Anagwa ndi sitiroko pa 9 January akukolopa ku eyapoti. Chigwereni sanatulutse mawu ngakhale amodzi, ndipo sakuzindikira munthu aliyense, ngakhale akazi awo.

Kwa inu amene mumangowadziwa ndi mopu m'manja, a Chidothi ndi katswiri wa ogani. Anaphunzirira pa limba la ku mishoni, mpaka abambo mfumu anawachotsapo atagwedezetsa kwaya mapewa pa Misa ya Pasaka. Anaimba m'mahotela a ku Blantyre, n'kuwolokera ku Ndola mu 1972, komwe anakhala pa ogani yamagetsi yolemera ngati ng'ombe, kuimba soul jazz, jazi ija imanunkhira tchalitchi koma n'kumaimbidwa m'bala. Anajambula zimbale ziwiri. Choyamba ndi Fumbi la Okutobala, cha mu 1974. Chachiwiri ndi Nsapato Pakhomo, cha mu 1979, chifukwa besi amaponda ndi mapazi ndipo sankalola nsapato kukhudza ogani. Kuno ankaimba Lachisanu lililonse pa hotela ina m'tauni, mpaka chaka chatha pomwe bala inatsekedwa, ogani n'kugulitsidwa.

Anamwino auza mayi Chidothi kuti nyimbo za paunyamata nthawi zina zimadzutsa munthu. Mayi Chidothi atafika kunyumba anapeza pashelefu pali mbee, chifukwa amuna awo mawu akuti ayi sankawadziwa. Akupempha amene anabwereka zimbalezi azisiye pa shopu ya a Cornelio pa Moore Street. Palibe amene akufunseni kanthu. Chilengezochi chachokera kwa mayi Ethel Chidothi.

* * *

Takulandiraninso, lero ndi pa 28 February. Zilengezo zilipo ziwiri, zonse zoyankha cha sabata yatha.

Bambo Manfred Kalilombe a ku Clondalkin akudziwitsa mayi Chidothi ndi mtima wosweka kuti Fumbi la Okutobala anabwereka ndi iwo mu 2006, pa ubatizo wa mwana wawo. Ankati abweza Lolemba. Lolembalo lisanafike anatenga ndi mlamu wawo, a Gerard Mtambo, amene anapatsira a Thom, mnzawo wa ku zomangamanga, kuti akamvetse mzungu wina wokonda jazi. Ntchito yomanga itaima, a Thom anapita ku Perth ndi sutikesi imodzi, katundu yense n'kumusiya m'fulati ku Citywest. A Kalilombe anapitako Lachiwiri ndipo anauzidwa kuti landilodi anataya zonse mu sikipi ya zinyalala mu November.

A Kalilombe akudziwitsanso abale kuti iwo ndi banja lawo akunyamuka pa 12 March kubwerera ku Ntcheu, atatha chaka ndi miyezi inayi akudzuka m'mawa opanda kopita. Phwando lotsanzikana silikhalapo. Chilengezochi chachokera kwa bambo Manfred Kalilombe.

Chachiwirichi ndiwerenga momwe chabwerera, musandide ine.

Ba Hosea Kasapo a ku Tallaght, kwawo ku Chifubu mu Ndola, akudziwitsa onse kuti Nsapato Pakhomo chili kwa iwo kuyambira 2003, ndipo chili bwinobwino m'pepala lake. Akuti sanabwereke, anatenga chawo, chifukwa ng'oma zonse za m'chimbalemo anamenya ndi iwo. Pachikuto pali dzina la Chidothi, la woimba gitala, ngakhale la wojambula chithunzi, koma lawo palibe. Alemba kuti, "Nenze kumenya ma drums ine nyimbo zonse six, manje zina yanga ili kuti?" Akuti akumva chisoni ndi matendawo ndipo akupemphera, koma chimbale chidzatuluka m'nyumba mwawo tsiku lomwe banja la Chidothi lidzapepese pa wailesi ino. Chilengezochi chachokera kwa ba Hosea Kasapo.

Ha, ba Kasapo. Munthu ali gone chigonere. Chabwino, ine ntchito yanga n'kuwerenga.

* * *

Lero ndi pa 7 March, kunja kukuzizira ngati mwa masiku onse, ndipo nkhani ikadali yomweyi.

Mayi Ethel Chidothi akudziwitsa ba Hosea Kasapo kuti chilengezo chawo anachimva ali pa basi yochokera ku Swords, ulendo womwe akuyenda tsiku lililonse akaweruka. Akuti atopa, ndipo kupepesa sapepesa. Akukumbutsa ba Kasapo kuti mu June 1979 anabwera okha kunyumba kwa a Chidothi ku Masala mu Ndola, n'kugwada pakhonde, kuchonderera kuti dzina lawo lisalembedwe pachikuto. Nthawi imeneyo ankafunsira mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo apongozi ankadziwa kuti Lachisanu lililonse mkamwini amakhala ku mapemphero a achinyamata, pomwe iye ali pa ng'oma m'bala. A Chidothi anachita kubwerera kwa osindikiza kukafufutitsa dzinalo. Zaka thirty-one akhala akutchulidwa wodyera anzake thukuta, ku Ndola mpaka kuno, osayankha, chifukwa analumbira kuti sadzaulula. Mayi Chidothi akuti amene analumbira ndi amuna awo, ndipo lumbiro lawolo akulisunga, pakuti sakulankhula n'komwe. Iwo sanalumbire kwa munthu. Chilengezochi chachokera kwa mayi Ethel Chidothi.

Chilengezo chimenechi, tisanachiwerenge, tinaimbira banja la Kasapo Lachisanu kuti lisadzidzimuke. Foni anayankha ndi mayi a m'nyumba, ndipo atumiza ichi.

Ba Nalishebo Kasapo, namwino, mwana wa malemu mkulu wa mpingo uja, akudziwitsa mayi Chidothi ndi onse kuti za ng'omazi ankazidziwa kuyambira 1979, chifukwa mapemphero satulutsa matuza m'manja. Anangokhala chete, ndipo pa kukhala chete kumeneko akupepesa. Chimbale chifika ku Swords Lachinayi pa 11 March, 3 koloko masana, nthawi yoona odwala. Galamafoni adzanyamula ndi ba Kasapo, afune asafune. Chilengezochi chachokera kwa ba Nalishebo Kasapo.

* * *

Okondedwa omvera, lero ndi pa 14 March. Ambiri mwakhala mukundiimitsa pa Parnell Street kufunsa kuti zinatha bwanji. Chilengezo chilipo chimodzi, ndipo ndachiwerenga kawiri kunyumba kuti pano ndisakakamire.

Mayi Ethel Chidothi akuthokoza ba Nalishebo ndi ba Hosea Kasapo, a Cornelio, anamwino, ndi a Kalilombe amene anadzatsanzika Lachitatu. Akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti Nsapato Pakhomo chinaimbidwa Lachinayi m'chipinda cha a Chidothi. Ba Kasapo analumikiza mawaya, n'kukaima pakhomo chipewa chili m'manja. Nyimbo yoyamba inatha a Chidothi akuyang'ana khoma. Pa yachiwiri mapazi anayamba kuyenda pansi pa bulangete, lamanzere lomwe, lija madokotala anati lafa. Chimbale chitatha mbali zonse ziwiri, a Chidothi analankhula.

Anatembenukira kwa akazi awo n'kunena kuti, "Pepani mayi, mnyamata akuimbayu mukumudziwa?"

Mayi Chidothi anayankha kuti amamudziwa.

A Chidothi anati, "Ali ndi manja. Akuthamanga pang'ono, koma adzakhazikika. Ali kuti masiku ano?"

Mayi Chidothi anati ali kunja, kwa azungu. A Chidothi anapukusa mutu n'kunena kuti, "Akanakhala kwawo. Kunja akam'patsa tsache."

Ba Kasapo atamva zimenezi analowa n'kuwauza kuti, "Kalisto, uja ndiwe." A Chidothi anayang'ana manja awo, n'kuyamba kulira, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Choncho mayi Chidothi akudziwitsa onse kuti amuna awo tsopano akulankhula pang'onopang'ono, ndipo chimbale akumachipempha masana aliwonse. Odzazonda afike kuyambira 2 mpaka 5 koloko, basi ndi 41 kuchokera pa Abbey Street. Pempho ndi limodzi. Akakufunsani za mnyamata woimba ogani, musawauze kuti ndi iwo. Muwauze kuti anabwerera kwawo, ali bwino, ndipo akuimbabe. Chilengezochi chachokera kwa mayi Ethel Chidothi, a ku Phibsborough.

Nthawi ikadalipo two minitsi, koma ine mawu andithera. Ndinali Mwaiwawo, tsalani bwino.