Ankandiitanira Kudzaza Mpando

Abusa, akulu a mpingo, amayi, a kwaya, abale ndi alongo nonse, moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Ena mukundiyang'ana mokayika chifukwa masayawa atuluka pang'ono. Ndine yemwe uja, Chisale, wokonza mafoni ndi makompyuta pakhonde la golosale pa Boma paja. Ndaima pano chifukwa ndikufuna kuchitira umboni.

Mukudziwa kuti sukulu ndinalekeza Folomu 4. Za makompyutazi palibe anandiphunzitsa. Ndinaziwerenga ndekha m'mabuku otayidwa, ena opanda chikuto, ena oyambira pakati, moti mpaka lero pali zinthu zimene ndimadziwa mathero ake koma chiyambi chake sindinachione. Foni yoyamba imene ndinakonza inali ya apongozi anga. Inaferatu. Ali pompano, muwafunse tikaweruka.

Chaka chatha ntchito inachepa pakhonde paja. Ku Lilongwe ndinayesako, koma kumeneko a madigiri a makompyuta achuluka ngati akabaza pa depoti. Ndiye ndinamva kuti ku Mzuzu mzinda ukukula, maofesi akutsegulidwa, koma odziwa makina ndi ochepa. Mayi a kunyumba anati, "Bambo a Yami, pitani. Koma munda sudikira munthu. Mvula yodzalira ikagwa musanapeze ntchito, mubwerere, makompyutawo muwaiwale, mugwire khasu." Ndinavomera, amalume awo ali pomwepo. Mumve bwino abale: ndinali ndi chilimwe chimodzi chokha. Chimodzi!

Nditafika ku Mzuzu ndinamwaza makalata ofunsira ntchito. Pasanathe milungu iwiri, ofesi ina inandiitana ku intavyu. Chonsecho pa chidziwitso chawo analemba kuti akufuna wa dipuloma, ine ndilibe. Ndinati chozizwitsa! Abusa mukukumbuka, ndinakuimbirani foni ndikulira, munandipempherera mpaka mayunitsi anatha.

Ndinalowa. Anthu asanu, masuti, botolo la madzi aliyense patsogolo pake. Wapampando akuwerenga mafunso papepala, akulondola ndi chala ngati mwana wa Sitandade 2. Ine kuyankha ndi mtima wonse, thukuta kamukamu. Wina akusewera pa foni. Wina akutokosa m'mano. Wina maso ali tseke, kaya ankapemphera kaya chiyani. Anthu oti imelo ikabwera amauza mlembi aisindikize papepala kuti aiwerenge, amenewo ndiwo ankayeza nzeru zanga za makompyuta! Pomaliza anati, "Tikuimbirani."

Sanaimbe. Koma ofesi ina inandiitana. Kenako inanso. Ine kumangopukuta nsapato, kumangouza mayi a kunyumba kuti dzina langa latchuka m'tauni. Kupusa kwina kumabwera kutavala tayi, abale.

Pa benchi yodikirira tinkakhala atatu. Mmodzi ankakhala yemweyemweyo, Mayi Nyirenda, a digiri, mayi wa ana atatu, amuna awo mphunzitsi. Wachitatuyo ndiye ankasintha. Koma onse ankafanana: onunkhira perefyumu, opanda mantha, miyendo atasanjikiza, ndipo wapampando akamadutsa amvekere, "Mwadzuka bwanji ankolo?"

Ulendo wachitatu Mayi Nyirenda anandiyandikira nati, "Achimwene, inu munayamba liti kudzaza mipando?"

Ndinati, "Mipando yake iti, mayi?"

Anati, "Malamulo awo amati pa intavyu pakhale anthu osachepera atatu. Woti alembedwe ntchitoyo amakhala atadziwika kale. Inu amakukondani chifukwa mulibe dipuloma, chifukwa chokukanirani sachita kufunafuna. Ine amalemba kuti sindinagwirepo ntchito. Makalaliki a m'maofesiwa amachita kupatsana manambala athu."

Ndinafunsa, "Nanga inu mumabwereranji?"

Anati, "Ndimati mwina tsiku lina mwana wa bwanayo adzatsegula m'mimba."

Tinaseka, abale. Tinaseka, koma ine m'kati munali mukuwotcha. Ndinakumbukira mapemphero anu. Ndinakumbukira amayi ena muno amene anasala kudya chifukwa cha ine. Kusala kudya kuti mphwake wa munthu alowe ntchito mwaulemu! Anthu amanyazi ochepa, amanyazi ochepa zedi. Amakutenga iwe bambo wa ana, wasiya munda wako, nakusandutsa chokongoletsera m'lipoti mwawo. Pa benchi pomwepo tinapangana kuti akaitananso, tonse awiri tikana.

Kunena kunali kosavuta. Sabata yomweyo mayi a kunyumba anaimba: "Mizere ndamaliza ndekha. Kuno mitambo yayamba kuda cha ku Ntchisi." Sanawonjezere mawu. Amene mukuwadziwa mukudziwa kuti sawonjezera.

Kenako ofesi yachinayi inaitana. Mdyerekezi anandinong'oneza kuti, bwanji ngati ino ndi yeniyeni? Ndinagwada pasimenti m'kachipinda kanga, ndinati, "Ambuye, ngati ndibwerere ku khasu, ndibwerera. Khasu si tchimo. Koma musandilole kukhalanso chidole cha anthu awa." Ndinadzuka, ndinakana.

Mawa lake kalaliki wa ofesiyo anandipeza pakhomo, atakwera kabaza, akupuma wefuwefu. Anati, "Bambo Chisale, chonde, mungobwera mphindi khumi zokha. Mayi aja akana, inunso mwakana, mabwana achokera kutali. Thiransipoti tikupatsani, ndi chakudya chamasana."

Ndinati, "Ntchitoyo ndingaipeze?"

Anayang'ana nsapato zake. "Mukudziwa mmene zimakhalira, bambo."

Ndinati, "Ndikudziwa. Pitani kumsika mukagule dzungu, mulimange tayi, mulikhazike pampandopo. Nalonso dipuloma lilibe."

Musaombe m'manja msanga. Atangochoka, ndinabwerera m'kachipinda kanga. M'nyumba munali bonya wodzaza dzanja limodzi basi, ndipo ndikuulula pamaso pa mpingo kuti chakudya chamasana chija ndinachiganizira mpaka dzuwa kupendeka.

Koma Mulungu, abale! Mulungu! Loweruka lake Mayi Nyirenda anabwera ndi amuna awo. Bamboyo anati, "Akazi angawa ali ndi mapepala, inu muli ndi manja. Mukudikiranji kuti wina akulembeni?" Mayiwo analembetsa kabizinesi ku boma, ine ndinatenga chikwama cha zipangizo, tinayamba kuyenda khomo ndi khomo. Ambiri anatibweza pageti. Pa sukulu ina yoyima payokha, ahedi ake, mayi wachikulire wosaseka, sanatifunse za ankolo, sanatifunse za dipuloma. Anatsegula chipinda chosungiramo katundu. Makompyuta khumi ndi anayi, ataunjikidwa pamodzi ndi matsache. Anati, "Awa akuti anafa. Mukadzutsa ngakhale imodzi, tikambirana."

Sanafe, abale. Munali fumbi, mphemvu, ndi mawaya odyedwa ndi makoswe. Masiku atatu tinadzutsa asanu ndi anayi. Ahedi aja anatisainitsa pangano la chaka chonse, natitumizanso kwa anzawo a sukulu zina ziwiri ndi kachipatala kena. Achinyamata amene mukuphunzira za makompyuta, mvetsani: ntchito m'mizinda imeneyi ilipo, koma yambiri siili m'nyuzipepala. Ili m'zipinda zokhoma, pansi pa matsache.

Tinasaina Lachiwiri. Loweruka foni inalira. Mayi a kunyumba anangoti, "Yagwa."

Ndinati, "Ndasaina."

Anati, "Bwerani nalo pepalalo ndilione ndi maso anga."

Ndinabwera nalo. Analiwerenga kawiri, ataima m'munda, matope m'miyendo. Atamaliza anati, "Chabwino. Koma poti mwabwera kale, gwirani mzere uwo." Ndinadzala chimanga masiku awiri, ine katswiri wa makompyuta, msana kuchita kulira.

Tsopano takolola, nyumba ku Mzuzu ndapeza. Ndiye Abusa ndi akulu a mpingo, ndabwera kudzapempha kalata yosamukira, yanga ndi ya banja langa lonse. Zikomo chifukwa cha mapemphero anu. Sanapite pachabe, anangodzera njira imene ife sitinkaiyang'ana. Zikomo apongozi pondikhululukira. Zikomo mayi a Yami polima nokha osandinyoza pagulu.

Ulemu wonse upite kwa Mulungu amene amaona munthu wokhala pa benchi. Amayi, nthungululu zija musazisunge. A kwaya, imirirani. Kondwerani nane, abale, kondwerani nane! Amen.